Basi ya UBZ nayo iyenera kusungidwa

Tsiku lina m'mawa, minibasi yathu itaima mu jamu pa Kafue Roundabout, mdala wina amene anakwelera ku Kuku anayamba kusimba za mabasi a UBZ. Mnyamata wa sukulu amene anakhala naye pa mpando anafunsa kuti: "Ambuya, UBZ n'ciani?" Anthu onse anaseka, na kondakitala yemwe. Ine cinandiwawa, cifukwa mwanayo alibe kumene angapite kukaiona basi imeneyo.

Ku South Africa kuli Franschhoek Motor Museum, nyumba yoonetseramo motoka zakale. Inatsegulidwa mu 2007, ndipo motoka zake ndi za munthu wolemera, a Johann Rupert. Lero alendo amalipira pa geti kuti akaone. Ena mudzati izo ni za mabwana, ise tikali kuvutika na ndalama ya transipoti. Zoona. Koma taonani cinthu cimodzi: iwo anasunga, ife tigulitsa ku sikilapu pa kilo.

Kusunga timakudziwa. Pitani ku Chilenje House 394, kumene a Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 mpaka 1962. Land Rover imene anali kuyendera pomenyera ufulu ikali pa bwalo. Ku Livingstone kuli Railway Museum, kumene kuli masitima akale a malasha. Ndiye motoka ya mtsogoleri tinasunga, sitima tinasunga. Nanga zimene zinanyamula amai athu kupita ku Soweto Market na madengu a tomato?

United Bus Company of Zambia inatsekedwa mu 1995. Pambuyo pake ma DCM, ma Hiace na ma Rosa ndiye anagwira mseu. M'zaka za m'ma 1970, ku Livingstone Motor Assemblers, anthu a m'dziko lino anali kumanga motoka za Fiat na manja awo. Manje mwana wa ku Kuku kapena ku Chawama aganiza kuti motoka iliyonse imacokera ku Japan kudzera pa Nakonde. Sadziwa kuti agogo ake anamangapo.

Sindikupempha nyumba ya magalasi ai. Shedi imodzi ya malata, pamalo pokwera pomwe madzi a mvula safika, ikwana. Muikemo basi imodzi ya UBZ, DCM imodzi, Fiat imodzi ya ku Livingstone, matikiti akale na yunifomu ya kondakitala. Madilaiva opuma nchito akhale osimbira ana nkhani. A National Museums Board, a Lusaka City Council na eni mabasi angagwirizane pa ici.

Ndipo inu a bambo amene muli na Peugeot 504 yogona pa matofali kuseli kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira, a sikilapu akabwera na sikelo yawo yambani mwaganiza. Citsulo cikalowa m'ng'anjo sicibwerera, ndipo mdzukulu wanu nayenso adzafunsa.