Musatinamizire Kuti Sitiwerenga

Sabata yathayi pa gulu lino panabweranso nyimbo yakale ija, yoti ukafuna kubisira Mmalawi chinthu uchiike m'buku. Ambiri munaseka. Wina mpaka anawonjezera kuti makamaka ife azimayi a mumsika timangodziwa kuwerenga ndalama basi. Tsiku limenelo ndinangokhala chete poti ndinali ndi makasitomala. Lero ndiye mundimve.

Ine ndimagulitsa usipa ndi bonya. Nsombazi timakulunga m'nyuzipepala zakale zogula pa kilo. Mudzabwere masana anthu akachepa, mudzaone zimene zimachitika pa mabenchi athu. Pepala lisanakulunge usipa limayamba ladutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi. Nkhani ya chaka chatha, yong'ambika pakati, mathero ake anapita ndi kasitomala wa m'mawa, koma timaiwerengabe n'kumatsutsana kuti kaya mlanduwo unatha bwanji. Munthu wodana ndi kuwerenga angachite zimenezo? Musanatiseke, tayambani mwafunsa kuti bukulo lili kuti, ndipo limapezeka nthawi yanji.

Ine ndimadzuka 4 koloko kukapikula, ndimaweruka dzuwa litalowa. Laibulale ya m'tauni mwathu imatsegula ndili kale pa benchi, imatseka ndisanayambe n'kulongedza komwe. Lamlungu, tsiku lokhalo limene ndimapuma ndikachoka ku tchalitchi, pachitseko pamakhala loko. Tsiku lina ndinasiyira mnzanga benchi n'kupitako masana. Bambo wa pakhomo anandiyang'ana kuyambira duku mpaka patapata, kenaka akuti, "Mayi, mukufuna mwana wanu?" Kaya linali fungo la usipa, kaya. M'katimo munadzaza ana a Fomu 4 ndi manotsi awo a MSCE. Sindikuwada, nanenso ndinadutsa momwemo. Koma pa mashelefu panali mabuku achingerezi okhaokha, ambiri a mphatso ochokera kunja. Ine ndimafuna buku lofotokoza m'Chichewa kalembedwe ka kaundula wa geni, ndi mmene chiwongoladzanja chimawerengedwera. Ndinatuluka chimanjamanja.

Lamulo lokhazikitsa malaibulale a dziko lino linadutsa mu 1967. Tinawasandutsa bwanji malo okonzekera mayeso okha, moti munthu wa zaka 35 akalowa azioneka ngati wasochera?

Pa gulu lino mumakonda kutchula William Kamkwamba. Chabwino, tiyeni timutchule bwinobwino. Mnyamatayu anasiya sekondale chifukwa cha fizi pa nthawi ya njala ija ya 2001 mpaka 2002. Sanali mwana wa sukulu pamene ankatsegula buku lija la Using Energy, anali wongokhala pakhomo ngati ambirife. Chingerezi chimamuvuta, anadalira zithunzi. Chinamupulumutsa n'choti kalaibulaleko kanali ku Wimbe komweko, pamtunda woyenda wapansi, ndipo anamulola kulowa. Kakanakhala ku boma la Kasungu, kofuna ndalama ya thiransipoti, bwenzi lero kulibe buku, kulibe filimu, ndipo inu mukanamuika m'gulu la Amalawi osawerenga.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya mayi wa benchi loyandikana ndi langa. Ndi wamkulu kwa ine. Pamene pulayimale yaulere imayamba mu 1994 n'kuti iye ali kale ndi mwana kumbuyo. Kwa zaka zambiri, akapatsidwa pepala ankati, "Ndaiwala magalasi," chonsecho magalasi sanavalepo. Kenaka analimba mtima n'kulowa sukulu ya kwacha, anzake akumuseka kuti nkhalamba ikuimba a e i o u. Anapirira, anamaliza, anabwera ndi satifiketi mumsika muno tonse tinalulutira. Ndiyeno? Ndiyeno basi. Panalibe kabuku, panalibe nyuzipepala ya Chichewa yomufikira, panalibe kalasi yotsatira. Khasu losalimira limachita dzimbiri. Patatha zaka ziwiri chinatsala ndi dzina lake lokha.

Dzinalo ndi limene linamupweteketsa. Anabwera anthu obwereketsa ndalama ndi fomu ya masamba atatu, yachingerezi. Iye anakana inki ya pachala, anati ine ndimasaina. Anasaina monyadira, zilembo zazikuluzikulu. Chiwongoladzanja chimene ankaganiza kuti ndi cha ngongole yonse chinali cha mwezi uliwonse. Anadzamulanda matiresi, wailesi ndi mpamba womwe. Tinamuphunzitsa kusaina, osamuphunzitsa kuwerenga chimene akusainacho. Ndiye wina abwere adzandiuze kuti vuto lake ndi ulesi?

Sukulu za kwacha zakhala zikuyenda ngati pulogalamu ya dziko lonse kuyambira 1986. Chaka chilichonse pa 8 Sepitembala akuluakulu amavala masuti n'kulankhula zokoma, azimayi n'kuvina. Sindikunyoza aphunzitsi a kwacha ayi, amagwira ntchito yaikulu pa kangachepe. Ndikunyoza maganizo oti munthu wamkulu akangodziwa kulemba dzina ndiye kuti zatha. Ife kuno tili ndi banki mkhonde, kaundula wake amafuna munthu wodziwa masamu. Tili ndi mauthenga a ndalama za pafoni, amene ambiri amapereka foni kwa ejenti kuti awawerengere, nambala yachinsinsi n'kumuuza yomwe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafunso anali mbwee mumsika muno, oti kugwako n'kutani ndipo ndani waigwetsa. Anthu amafuna kudziwa. Woyankha analipo?

Ena muti zonse zili pa intaneti masiku ano. Eya, kwa amene ali ndi bandulo. Theka la mzere wathu lili ndi timafoni ta mabatani.

Nanunso alembi musathawe. Mumalemba m'Chingerezi kuti mupate mphoto zakunja, Chichewa mumachikumbuka mukamva kuti buku likhoza kulowa pa silabasi. Kwathu kunali Njala Bwana la Willie Zingani ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe. Mabuku amenewo anazungulira mudzi wonse mpaka zikuto zinathothoka, amalume anachita kuwasoka ndi ulusi wa thumba. Anthu omwewo ndi amene lero mukuti sawerenga. Mwawalembera chiyani choti alephere kuchisiya pansi?

Zimene ndikupempha si zodula. Chiphaso cha msika timalipira tsiku ndi tsiku, osaphonya. Pa ndalama imeneyo kachipinda kamodzi ka mabuku mumsika momwemo kangalephereke? Ngakhale bokosi lachitsulo, losinthidwa mabuku mwezi ndi mwezi. Malaibulale azitsegulako Lamlungu masana, atseke Lolemba ngati akufuna kupuma. Womaliza kwacha azituluka ndi khadi la laibulale m'manja limodzi ndi satifiketi.

Podikira zimenezo, ine ndaika katoni pansi pa benchi langa. Muli mabuku 11, asanu ndi a Chichewa, ndipo asanuwo sakhalamo n'komwe, amangochoka m'manja kupita m'manja. Mayi woyandikana nane uja wabwereka limodzi, akuwerenga tsamba limodzi patsiku chala chili pa mzere, akakakamira amandikodola. Amene munaseka sabata yatha, fufuzani m'masutikesi mwanu munditumizire uthenga ku inbox. Koma chonde, manotsi a Physics a Fomu 3 asungeni konko. Ndipo bukulo likadzabwerera likununkha usipa musadzadandaule.