Thumba la makilogalamu 50 likutha mapewa a aganyu

Pa msika wa chimanga, pa depoti ya feteleza kapena pamene akumanga nyumba, pamakhala anyamata amene ntchito yawo ndi kukweza ndi kutsitsa matumba. Si zachilendo kumva mmodzi wa iwo, ukalamba usanamufike n'komwe, akudandaula kuti mkono sukukwera, kuvala malaya kukuvuta, ndipo usiku sangagonere mbali imodzi. Anzake amati ndi nyamakazi, bwana amati ndi ulesi. Chimene chikumupweteka ndi thumba la makilogalamu 50 komanso kanyamulidwe kake, ndipo woyenera kukonza zimenezi ndi wolemba ntchito.

Phewa limatembenuka kuposa mfundo ina iliyonse m'thupi chifukwa mutu wa fupa la mkono sulowa mozama. Umangokhala ngati lalanje m'mbale yosaya. Zimene zimaugwira kuti usaguluke ndi timinofu tinayi ndi mitsempha yake, ndipo umodzi mwa mitsemphayo umadutsa m'kampata kopanikizika kunsi kwa fupa la pamwamba pa phewa. Munthu akamakweza katundu wolemera kupitirira mutu mobwerezabwereza, mtsemphawo umakhulika, umatupa, kenako umayamba kung'ambika pang'onopang'ono. Taonani mmene thumba limafikira m'lole: awiri amaligwira m'makona, kulizunguza, n'kuliponya paphewa la wachitatu, iye n'kuthamanga nalo mpaka kukalikankhira pamwamba manja ali m'mwamba. Mphamvu ya thumba lakugwalo imafikanso pa timinofu tija. Akaterereka n'kutchinjiriza ndi dzanja, phewa limatha kuguluka kapena fupa la m'munsi mwa khosi kuthyoka.

Ena anena kuti anthu akhala akusenza matumba otere kuyambira kale ndipo palibe chachilendo. Zoona, koma kuzolowera sikusandutsa katundu kukhala wopepuka. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO lidalangiza mu 1967 kuti mwamuna wamkulu asamanyamule yekha katundu wopitirira makilogalamu 55. Amenewo adali malire otsiriza, osati mulingo wa tsiku ndi tsiku, koma ife thumba lathu wamba latsala makilogalamu 5 okha kuti lifike pamenepo, ndipo amalinyamula ndi ana a zaka za kusukulu omwe. Ku Britain simenti imagulitsidwa m'matumba a makilogalamu 25, ndipo nyumba zikumangidwabe.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi cha ndalama. Matumba ang'onoang'ono angakweze mtengo, ndipo waganyu amene amalipidwa pa thumba lililonse safuna za wilibala kapena kugwirizana awiri, poti zimamuchedwetsa. Apa m'pamene pali chinyengo chake: malipiro a pa thumba amachititsa kuti mnyamata azidzipweteka yekha mwakufuna kwake, bwana n'kusamba m'manja. Phewa likatha, bwanayo amangoitana wina pamsewu, mtengo wonse wa kuvulalako n'kugwera banja la wovulalayo. Chonsecho lamulo lathu la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito la 1997 limaika udindo woteteza wantchito m'manja mwa womulemba. Wilibala, thabwa lolimba lokwererapo m'lole, kusanja matumba osapitirira msinkhu wa phewa ndi kupumitsa anthu mosinthana sizingagwetse bizinesi ya munthu amene akugula chimanga chodzaza lole.

Pamene malamulo akuchedwa kutsatidwa, wonyamulayo adzithandize pa zochepa zimene zili m'manja mwake. Thumba alikumbatire pafupi ndi thupi, apinde mawondo, asalilandire lili m'malere. Akabinya, apumitse mkonowo masiku angapo ndi kuikapo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira. Kuthowa ndi madzi otentha tsiku loyamba kumangowonjezera kutupa, ndipo kutema mphini sikulumikiza mtsempha. Asamangirirenso mkonowo kwa milungu yambiri, chifukwa phewa losagwedezeka limauma. Koma ngati mkono sukukwera konse, phewa lasintha maonekedwe kapena zala zachita dzanzi, apite kuchipatala cha boma, kumene kuli ogwira ntchito ophunzitsidwa za mafupa, osati kukokedwa ndi anzake pamsika.

Inu amene mumalemba aganyu, nyengo yogula mbewu isanafike gulani wilibala ndipo lekani kulipira munthu pa thumba limene wasenza yekha.