Minga ya Frida Kahlo si buku lomasulira maloto

Mu 1940 Frida Kahlo, mayi wa ku Mexico wojambula ndi utoto, anajambula nkhope yake pa kansalu kakang'ono, kotalika masentimita pafupifupi 61, m'lifupi 47. M'khosi anadzikoleka nthambi zaminga zimene zikumubaya mpaka magazi kudontha. Pa minga yomweyo palendewera kambalame kakufa, kakuda bii, katatambasula mapiko. Kuseri kwa phewa lake lamanja kuli pusi amene watanganidwa ndi kanthambi kamodzi ka mingayo, ndipo kuphewa lamanzere mphaka wakuda wabisalira ngati akufuna kudumpha. Masamba aakuluakulu obiriwira atseka kumbuyo konse, thambo likungosuzumira pang'ono pamwamba. M'tsitsi muli agulugufe awiri. Lero chithunzichi amachisunga ku Harry Ransom Center, pa yunivesite ya Texas mumzinda wa Austin.

Chimene chimandinyansa ndi momwe ambiri amachifotokozera. Amachitenga ngati timabuku tomasulira maloto tija: ukalota njoka ndiye kuti uli ndi mdani, ukalota madzi ndiye zakutizakuti. Pusi ndi Diego Rivera, mwamuna wake, poti ndiye ankamusautsa. Mphaka wakuda ndi tsoka. Minga ndi ululu. Agulugufe ndi kuuka kwa akufa. Akatero amapukuta m'manja, ati amaliza. Ine ndimati sanayambe n'komwe kuyang'ana.

Sindikukana kuti mbiri ya mayiyu ili m'chithunzichi. Anabadwa mu 1907 ku Coyoacán, anadwala poliyo ali mwana mwendo wamanja n'kuwonda, ndipo pa 17 Seputembala 1925 basi imene anakwera inawombana ndi sitima yamagetsi yoyenda mumzinda. Chitsulo chogwirira chinamubaya m'chiuno, msana unathyoka malo angapo. Anayamba kujambula mwakhama ali chigonere, galasi atamupachikira pamwamba pa bedi kuti azidziona. Anakwatiwa ndi Rivera mu 1929, ukwati unatha chakumapeto kwa 1939, ndipo mu Disembala 1940 anakwatirananso ku San Francisco. Chithunzi cha minga chija ndi cha chaka chimene anali yekha. Zonsezi ndi zoona, ndipo wozidziwa amaona zambiri kuposa wosazidziwa. Koma odwala alipo ambiri padziko, osiyidwa ukwati ndiye osawerengeka, ndipo ululu wawo sunasanduke chithunzi chimene anthu amaima kutsogolo kwake n'kusowa chonena. Chinachititsa zimenezo ndi nzeru za wojambula, zimene anasankha kuika ndi zimene anakana kuika.

Tayambani ndi nkhope. Munthu amene minga ikumulowa m'khosi timayembekeza kuti akwinya nkhope, alira, mwina atseka maso. Frida watiyang'ana maso ndi maso, milomo yotseka, mutu uli njo, osapendekeka ngakhale pang'ono. Palibe misozi. Magazi akutsikira m'khosi koma nkhope sikudziwa kanthu za magaziwo. Apa ndi pamene pagona mphamvu yonse ya chithunzichi. Akanajambula nkhope yolira tikanamumvera chisoni n'kudutsa, chifukwa chisoni n'chosavuta, chimatipatsa ife oonerafe udindo wa munthu wabwino. Iye watimana mwayi umenewo. Amene akuchita manyazi pamaso pa chithunzichi ndi woonerayo.

Kenaka onani mapiko a kambalame kaja, mubwerere kunsidze zake zogundana pakati, zija zimene anthu amamudziwa nazo. N'zofanana maonekedwe: mzere wakuda wopindika uku ndi uku, wokumana pakati. Mbalame yakufa ili pachifuwa, ina yamoyo ili pamphumi. Zimenezi simungazipeze m'ndandanda wa matanthauzo. Zimaoneka ndi diso basi, ndipo zikusonyeza munthu amene anakhala pansi n'kulingalira kuti mzere uwu uyankhane ndi uwo.

Kambalameko ku Mexico amakatcha colibrí, kamatsopa timadzi ta m'maluwa ndipo kwathu kuno kulibe. Kakakhala kamoyo kamanyezimira mitundu yowala, koma Frida anakachotsa mtundu wonse. Kumeneko anthu akhala akuumitsa mbalameyi n'kuiyesa chithumwa chokopera chikondi, choncho wa ku Mexico woona chithunzichi mu 1940 akanamva msanga kuti mayiyu wavala chithumwa chimene ntchito yake yakanika. Komanso kwa Aaziteki, eni dzikolo Asipanishi asanafike, mbalame yomweyo inali chizindikiro cha Huitzilopochtli, mulungu wawo wa nkhondo. Ndiye tinene kuti chiyani, chikondi chakufa kapena wankhondo wagwa? Frida ankaidziwa bwino miyambo yonse iwiri, ankasonkhanitsa ziboliboli zakale ndi kuvala zovala za amayi a ku Tehuantepec pofuna kuonetsa kuti iye ndi wa Mexico weniweni. Sindikhulupirira kuti anafuna tisankhepo chimodzi.

Pusi nayenso amamunamizira. Frida ankaweta apusi kunyumba kwawo kuja kotchedwa Casa Azul, ndipo anawajambula kambirimbiri atamukumbatira m'khosi ngati ana. Iye sanabereke, mimba inapita padera ku Detroit mu 1932, ndipo anajambulanso za tsikulo mosabisa. M'chithunzi cha minga pusiyu sakuyang'ana ife, sakuyang'ananso mbuye wake. Maso ali pa zala zake, akuseweretsa nthambi. Kaya akumasula kaya akumangitsa, chithunzi sichikunena. Chimene chikuoneka n'chakuti sakudziwa kuti kukoka kwakeko kukulowetsa minga m'thupi la munthu amene amamudyetsa. Mukangoti "ameneyu ndi Diego" mwataya chinthu chopweteka kwambiri, chakuti wokuvulaza nthawi zina alibe nawe chifukwa, akungosewera.

Za minga, Mkhristu aliyense aona msanga chisoti chimene anamuveka Yesu. Frida anachitsitsa pamutu n'kuchiika m'khosi, pamalo pamene pa zithunzi zina amavala mikanda yolemera ya miyala. Mayi ake anali Mkatolika wolimbikira, mwanayo n'kukula kukhala wa chipani cha Chikomyunizimu, koma zithunzi za m'tchalitchi sizinamuchoke m'maso. Iye ndi Rivera anasonkhanitsa tizithunzi tambirimbiri tojambulidwa pa malata timene anthu wamba a ku Mexico amapereka kutchalitchi pothokoza kuti apulumuka pa ngozi kapena matenda. Pa tizithunzi timeneti pamakhala tsokalo, kenaka pamwamba woyera mtima kapena Mariya amene anapulumutsa munthuyo. Pa chithunzi cha Frida yang'anani pamwamba: pali tinthu tiwiri touluka, mapiko a tombolombo koma thupi ndi duwa. Woyera mtima palibe. Wovulala ndi iye, woima mowongoka ngati chithunzi cha paguwa ndi iye yemweyo. Akhristu ena angaone ngati n'chipongwe. Ine ndikuona munthu amene wabwereka chilankhulo cha tchalitchi chifukwa ndi chimene anthu akwawo amamva akamakamba za kuvutika.

Pali ena amene amati zonsezi ndi zongolota, n'kumuika Frida m'gulu la ojambula za m'maloto. André Breton, mtsogoleri wa gululo wa ku France, ndiye anayambitsa zimenezi atafika ku Mexico mu 1938. Frida anakana dzinalo, ndipo anali ndi chifukwa. Pusi anali wake, masamba anali a m'munda mwake, ululu unali wa msana wake. Chachilendo n'kasanjidwe kokha.

Vuto la kumasulira kwa chidule kuja n'lakuti kumathera pamsika. Chizindikiro chilichonse ukachipatsa tanthauzo limodzi, umatha kuchichotsa n'kusiya zokoma zokha. Nkhope ya Frida lero ili pa masikipa, pa makapu, pa zikwama. Ndinaionapo ngakhale pa mulu wa kaunjika, maluwa ali m'mutu, minga kulibe. Mu 2018 kampani ya Mattel inatulutsa chidole cha Barbie cha Frida, ndipo anthu ambiri anadandaula kuti nsidze zija anazipeputsa, thupi n'kulisalaza ngati silinadwalepo. Uyu ndi mayi amene mu 1953 anabwera pa ambulansi ku chionetsero chake choyamba cha yekha m'dziko lakwawo, n'kulandira alendo atagona pa bedi limene analiika pakati pa zithunzi zake; chaka chomwecho anamudula mwendo wamanja pansi pa bondo, ndipo mu Julayi 1954 anamwalira ali ndi zaka 47. Mu 2021 chithunzi chake china, Diego y yo, chinagulidwa pa okushoni ya Sotheby's ku New York pa mtengo wa madola 34.9 miliyoni. Ndalama sindikuzida. Chimene ndikukana n'chakuti dzina likwere mtengo pamene zithunzi zenizenizo anthu akuziyang'ana mwachidule kuposa kale.

Ndipo nkhani ya ndalama ili ndi mbali ina imene okonda kumulirira Frida saikonda. Chithunzi cha minga anachigula Nickolas Muray, katswiri wojambula ndi kamera wobadwira ku Hungary amene ankakhala ku New York. Anakhala pa chibwenzi ndi Frida kwa zaka zambiri, ndipo pofika nthawiyi chibwenzicho chinali chitazirala. Ukwati utatha Frida ankafuna kudzidalira, osakhalira ndalama za Rivera, choncho mu 1940 anajambula kwambiri ndi kugulitsa. Mayi amene ena amamuona ngati wodwala wongokhuthula mtima pa nsalu anali mmisiri wodziwa kuti ntchito yake ili ndi mtengo, ndipo chithunzi cha chithumwa chakufa anachigulitsa kwa mmodzi wa amuna amene chithumwacho chinakanika kuwagwira. Muray atamwalira mu 1965, zithunzi za ku Mexico zimene anasonkhanitsa zinapita ku yunivesite ya Texas, ndipo n'chifukwa chake wofuna kuona minga ya Frida ndi maso ake ayenera kupita ku Austin, osati ku Coyoacán.