Kukopa manotsi si kuphunzira

Aphunzitsi anzanga, tiyeni tivomere: ana tawasandutsa makina a fotokope. Ife tidzaza bolodi, iwo akopa, belu lalira, kwatha. Mwana wa Giredi 7 manotsi ali mbwee, koma mupatseni nkhani yacilendo awerenge, angoyang'ana pansi.

Mudzati makalasi anadzaza kuyambira 2022 pamene sukulu inakhala yaulere. Zoona. Nanga mphunzitsi mmodzi angawerengere mwana aliyense? Ine ndimawakhazika awiriawiri: wina awerenga, mnzake amufunsa mafunso, kenaka afotokoza m'Cinyanja zimene amva. Liu likavuta, ayambe ayesa okha ndisanalankhule.

Inunso acinyamata a m'komboni, musadikire coko cathu. Werengani ngakhale nyuzipepa yokulungira vitumbuwa. Tsiku la mayeso, cofunikira mudzacipeza m'mutu mwanu, osati pabolodi.