KOMPYUTA IKAYAMBA KUKWAWA, MUSATHAMANGIRE KUFUFUTA

Dandaulo lomwe lachuluka m'mauthenga obwera ku wailesi, kuchokera ku Furancungo mpaka ku Ntengo-wa-Mbalame, ndi la makompyuta. Aphunzitsi, alembi a m'magulu a alimi ndi anyamata otayipa makalata pamsika onse akulira chimodzi: chiikireni Windows 11, makina akuyenda ngati bilimankhwe.

Gwero lake nali. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, ndipo ambiri anathamangira yatsopanoyo. Koma makompyuta athu ambiri ndi a kaunjika. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB ndi malo okwana 64 GB, komatu zimenezo n'zoti makina angoyaka chabe. Ngolo mwaidzaza matumba a mbatata, ng'ombe zake ndi zoonda zomwe zija.

Chondiwawa ine n'chakuti amisiri ena mankhwala awo ndi amodzi, "formatar", kufufuta zonse. Mayina a ana a sukulu, kaundula wa ngongole za feteleza, zithunzi za ukwati, zonse zapita, ndalama mwalipira, ndipo pakatha sabata matenda abwerera. Munthu asakhudze makina anu musanakopere zofunika pa fulashi.

Poyamba dekhani, abale anga. Windows ikangolowa kumene imakhala ikuwerenga mafayilo onse ndi kukoka zotsalira pa intaneti. Ndi netiweki ya kuno kumapiri, ntchito ya maola ochepa itha kudya masiku awiri, ndi mamega anu omwe. Isiyeni yoyaka usiku uli pamagetsi, m'mawa muizimitse n'kuyatsanso.

Ikapitiriza, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi. Patseguka Task Manager, imene pa makina a Chipwitikizi imalembedwa Gestor de Tarefas. Yang'anani mizere iwiri. Ngati pa Memória pafika cha m'ma 90 peresenti musanatsegule kanthu, RAM yachepa, muwonjezere ifike 8 GB. Ngati pa Disco pakakamira pa 100, wolakwa kawirikawiri ndi disiki yakale yozungulira ija. Apa kugula SSD ndiye nzeru, ndipo mtengo wake sufika n'komwe pa wa kompyuta ina. Makina omwe ankatha mphindi zisanu akuyaka amadzuka madzi a tiyi asanawire.

Momwemo muli tsamba la Arranque, losonyeza mapulogalamu odziyatsa okha makina akamayaka. Zimitsani amene simuwagwiritsa ntchito. Ena mwa ife tili ndi ma antivayirasi awiri kapena atatu, onse akulimbirana khomo limodzi, chonsecho Windows ili kale ndi wake, Defender. Fumbi la chilimwe nalo musalichepetse: likatseka fani, makina amatentha n'kudzichepetsera liwiro okha.

Tsono mfundo imene ambiri amaidziwa mochedwa. Ngati Windows 11 munaiika pamwamba pa yakale, muli ndi masiku 10 okha obwerera, kudzera ku Definições, Sistema, kenako Recuperação. Zakale zimasungidwa mu foda yotchedwa Windows.old. Wina akaichotsa pofuna malo, kapena masikuwo akatha, njira yatsekeka. Wobwerera adziwenso kuti Windows 10 ndi nyumba yomwe mlonda wake anachoka. Yotayipira makalata ndi kusindikiza ingathe ndithu, koma za ku banki musamachitirepo.