Nkhuyu zodya akulu

Imani pamsewu waukulu wochokera ku Kapiri Mposhi, muone matumba a makala akulowa m'Kabwe, ena panjinga, ena pamalole othamangira ku Lusaka. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima tsiku lonse, mbaula idakhala mfumu ya khitchini, ndipo nkhwangwa sinapumenso.

Akale adati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Kuno ku Kabwe mwambiwu udatembenuka kalekale. Mgodi wa Broken Hill udadyetsa akuluakulu, ambiri a iwo a kutsidya kwa nyanja, mpaka udatsekedwa mu 1994. Opotedwa ndani? Ana a ku Kasanda, Chowa ndi Makululu, amene amasewera m'fumbi la mtovu womwe sadakumbe iwo. Tsopano tikubwereza zomwezo ndi tchire.

Chodabwitsa n'chakuti tili ndi mkuyu wathu waukulu pakati pa tauni, wotetezedwa ndi boma, pomwe anthu ankasonkhana pamthunzi m'masiku a Broken Hill. Mtengo umodziwo timaupatsa ulemu wa agogo, timauonetsa alendo. Abale ake a m'mbali mwa mtsinje wa Mulungushi, mikuyu ndi katope zomwe mizu yake imagwira gombe, tikuwadula kuti dimba la tomato lifike pamadzi penipeni. Mvula ikabwera, dothi limatsetserekera mumtsinje, kenako mudamu. Odzadandaula kuti madzi achepa adzakhala ana athu.

Ndiye pali mwambo uja wa dzinja lililonse. Abwana amafika atavala suti, amagwira khasu kamodzi, wojambula n'kujambula, kambande ka bulugamu n'kulowa pansi. Bulugamu! Kapena paini. Ati tabwezera nkhalango. Nkhalango iti? Miombo si mitengo yongoima pamzere ngati asilikali. Muli mombo, mtondo, masuku, maula, mankhwala a agogo, udzu wofolera, njuchi. Bowa amene amayi amagulitsa m'mbali mwa msewu mvula ikayamba amamera chifukwa amadalira mizu ya mitengo yachilengedweyo. Mphalabungu nazo zili ndi masamba ake. Pansi pa bulugamu mudzatolapo chiyani, kupatula masamba ouma? Chikhalirecho chitsa cha mombo chimaphukanso chokha ngati moto wolusa ndi mbuzi zachileka. Koma kuteteza zitsa kulibe chithunzi chokongola cha m'nyuzipepala, n'chifukwa chake palibe wovala suti amene amakuganizira.

Ena anena kuti wootcha makala nayenso ndi kholo, akufuna ya sukulu ndi ya ufa. N'zoona, ndipo iye amadya nkhuyu zochepa kwambiri. Phindu lenileni lili ndi mwini lole, amene amagula thumba motchipa kumudzi n'kukaligulitsa mtengo wokwera ku Lusaka. Wanjinga ndiye amatsitsidwa katundu pa rodibuloko, thukuta lili kamukamu. Lole ija imadutsa usiku, itafunda tenti.