Musatiuze kuti titaye pikapu zathu zakale

Pa msonkhano wa makalabu a alimi a m'dera la Mfumu Yaikulu Zulu, nkhani yomwe inatidyera nthawi sinali ya mtengo wa soya kapena ya fetereza ayi. Inali ya galimoto. Makalabu angapo akusonkha ndalama zoti agule pikapu yonyamulira zokolola, ndipo funso linali lakuti: tigule ya injini yakale kapena ya makono? Achinyamata ena anaseka pamene akuluakulu anatchula Hilux ya injini ya 3L, nati anthu okalamba amakonda zinthu zokalamba zinzawo. Panalinso mlendo wina wochokera ku Lilongwe amene anatilangiza kuti tisiye kukakamira ziphapha, tiyende ndi nthawi.

Ife tikukana malangizo amenewa. Sitikukana chifukwa choopa zachilendo. Mbewu za makono tinazilandira, mafoni tinawalandira, ndalama timatumizirana pa lamya. Tikukana chifukwa amene amatiuza kuti injini ya makono ndi yodalirika amayesera kudalirikako pa phula la mu mzinda, pafupi ndi galaja yokhala ndi kompyuta. Ife timayesera pa msewu wa dothi mu Januwale, matumba a fetereza ali kumbuyo, madzi a m'dambo atafika m'matayala.

Tiyambe tavomera zimene anzathuwo akunena zoona, kuti asatinene kuti ndife amakani chabe. Injini ya makono ili ndi mphamvu. Hilux yakale ya 3L, ya malita 2.8, ikasenza matumba pa chitunda imalira ngati ikupempha chifundo, pomwe ya GD-6 ya malita 2.4 okha imakwera chitunda chomwecho dalaivala akucheza. Ya makono imamwa dizilo wochepa pa ulendo womwewo, ndipo situlutsa utsi wakuda umene ana athu amapuma m'misika. Zonsezi sitikutsutsa. Koma mphamvu ndi kudalirika ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mlimi amene soya wake wawunjikika pakhomo, mavenda akuzungulira ndi masikelo awo, amafuna chachiwiricho.

Kusiyana kwenikweni kuli pa m'mene dizilo amalowera mu injini. Injini zakale, monga 2L, 3L ndi 5L za Toyota, 4JA1 ya Isuzu KB kapena TD27 ya Nissan, zili ndi pampu yoyendetsedwa ndi injini yomweyo. Pampuyo imakankhira mafuta ku manozo, ndipo manozowo amatseguka okha mafuta akafika pa mphamvu inayake. Mulibe kompyuta yolamula. Batire ikafooka, anyamata anayi akankha, galimoto yadzuka. Nozo ikatha, makaniko wa pa boma amaichotsa, kuiyesa, kusintha kansonga kake n'kuibwezera.

Kuyambira pamene Hilux ya D-4D inafala cha m'ma 2005, zinthu zinasintha. Mu injini zoterezi mafuta amasungidwa mu paipi imodzi atapanikizidwa koopsa, ndipo kompyuta ndi imene imatsegula ma injekita, kangapo pa kuphulika kumodzi. Kuti timvetse kupanikizako, tikumbukire kuti tayala la pikapu timalipopa mpweya wa mabaa awiri kapena atatu. Nozo ya injini ya 3L imatseguka cha pa mabaa 150. Mu injini ya makono mafuta amapanikizidwa kuposa mabaa 1,300, ndipo mu zatsopano kwambiri amafika 2,000. Tizibowo ta injekita yotere n'tating'ono moti kafumbi kosaoneka ndi maso kamatikanda. Kadontho ka madzi kamadzetsa dzimbiri m'kati mwa pampu. Palafini ndiye woopsa kwambiri, chifukwa pampuyo imadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zake ziziterera, ndipo palafini alibe kuterera kumeneko. Zitsulo zikayamba kupalana, tizidutswa take timayenda ndi mafuta mpaka m'ma injekita onse anayi.

Tsono tifunsane moona mtima, alimi anzathu: dizilo amene timathira m'magalimoto mwathu amachokera kuti? Kuyambira 2022 takhala tikuona mizere pa malo omwetsera mafuta, ndipo kumapeto kwa 2024 anthu ankagona pa mzere masiku angapo. Mlimi sangagone pa mzere pomwe mtedza ukunyowa m'munda. Amapita kwa a zigubu. Kuno ku malire sitifunika kuuzana zambiri, tonse timadziwa kuti zigubu zimayenda m'njira zachidule, nthawi zina kulowa, nthawi zina kutuluka, malinga ndi kumene mtengo wakomera. Chigubu chomwe dzulo munali madzi kapena mafuta ophikira lero muli dizilo. Wogulitsa wina amathirako palafini kuti achuluke. Injini yakale nayo sikondwa ndi mafuta oterewa, koma imatsokomola, kufuka utsi, n'kukufikitsa kunyumba, ndipo mawa lake umasintha fyuluta. Ya makono imayatsa nyali pa dashibodi, kudzichepetsa mphamvu yokha, kenaka kuzima.

Izi sitinazimve kwa anthu. Kalabu ina mwa ife inalandira pikapu ya makono kuchokera ku pulojekiti yomwe inkatha ntchito yake. Tinavina tsiku limenelo. Inagwira ntchito bwino nyengo imodzi, kenaka mu Meyi, soya atapakidwa kale, inazima pa msewu wa dothi titathira mafuta a m'chigubu. Makaniko amene wakhala akutikonzera magalimoto zaka zambiri anatsegula boneti, anayang'ana, nati apa pakufunika makina. Tinalipira lole yoikoka mpaka ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110. Kumeneko anati ma injekita atha ndi pampu yomwe, ndipo atsopano akaikidwa ayenera kulembetsedwa manambala ake mu kompyuta ya galimotoyo. Sipeya panalibe, amayembekezera kuchokera ku South Africa. Pamene galimoto inkabwerera, soya tinali titagulitsa kale kwa mavenda pakhomo, pa mtengo wosafika umene boma linalengeza chaka chimenecho. Galimoto tinaifuna kuti tithawe mavenda, ndipo inatipereka kwa mavenda omwewo. M'masabata onsewo chi Isuzu cha mnzathu wina, chomwe chitseko chake amamanga ndi waya, chinali kupita ku Kamwendo ndi kubwerako tsiku ndi tsiku.

Wina anena kuti vuto linali lathu, tinathira mafuta oipa. Inde. Koma abwinowo anali kuti sabata imeneyo? Amene amatiweruza chonchi atiuze pampu yomwe inali ndi dizilo pakati pa Mchinji ndi Namitete.

Palinso nkhani ya ndalama zakunja, yomwe otsatsa magalimoto sakonda kuitchula. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chitsulo chilichonse cha injini ya makono, kaya ndi injekita, kaya ndi turbo, kaya ndi timasensa tija tambirimbiri, chimagulidwa ndi madola kapena marandi, ndipo mabanki akasowa ndalamazo sipeya safika. Zitsulo za injini zakale nazonso n'zochokera kunja, sitikubisa, koma zadzaza kale m'dziko muno. Mukazipeza ku Biwi ku Lilongwe, mukazipeza kwa ophwasula magalimoto, ndipo kwa ife a kuno Chipata ali pafupi kuposa Lilongwe, mungodutsa pa Mwami m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndipo si ife tokha amene timaganiza chonchi. Yang'anani ma ambulansi a m'zipatala za m'maboma: ambiri ndi ma Land Cruiser. Injini ya 1HZ ya malita 4.2, yopanda turbo, inayamba kupangidwa mu 1990, ndipo kampani ya Toyota yapitiriza kuiika m'magalimoto atsopano opita ku Africa kwa zaka zoposa 30. Mabungwe akuluakulu othandiza anthu pa ngozi amaigula dala. Kodi amenewa ndi osaphunzira? Ali ndi ndalama zogulira galimoto iliyonse, koma akudziwa kumene akupita. N'zodabwitsa kuti nzeru imeneyi ikakhala ya bungwe lochokera ku Geneva imatchedwa kukonzekera bwino, koma ikakhala ya mlimi wa kwa Zulu imatchedwa kutsalira.

Kwa anzathu a m'makalabu amene mukugwirizana nafe, musathamangire kuomba m'manja, chifukwa tili nanu mawu. Injini yakale si chithumwa. Pikapu ya 3L imene mungaipeze lero yadutsa m'manja mwa anthu ambiri ndipo yaposa zaka 20. Injini za mtundu umenewu zimayendera lamba wa taimingi, ndipo lambayo akaduka injini ikuyenda, mavavu amakumana ndi mapisitoni. Amayenera kusinthidwa cha pa makilomita 100,000, osati kudikira kuti aduke. Zikatentha kwambiri hedi imang'aluka, koma timaona madalaivala athu akuthira madzi a m'chithaphwi mu redieta yodontha n'kumapitiriza ulendo. Oilo timasintha injini ikayamba kugogoda. Timagula mafyuluta otchipa achinyengo, a bokosi lokongola koma pepala lake ngati la nyuzi. Galimoto ya tani imodzi timaisenzetsa matumba 40 a makilogalamu 50, anthu n'kukhala pamwamba pake. Ndi khalidwe lotere, ngakhale injini imene agogo athu ankaitama ifa, ndipo tidzapezeka tikunamizira mfiti. Kalabu yogula galimoto yakale ipite ndi makaniko wake, aiyese isanaperekedwe ndalama, ndipo paikidwe thumba la zokonzera kuyambira ulendo woyamba, lisanadyedwe pa maliro ndi pa misonkhano.

Tikudziwanso kuti injini zakalezi sizidzakhalapo mpaka kale. Chaka ndi chaka zikuchepa, ndipo ana athu adzayendetsa za kompyuta, afune asafune. Mpake kuti mkwiyo wathu sukupita kwa injiniyo, koma kwa amene akutikankhira ku makina atsopano osakonza malo oti makinawo akhalemo. Mu 2017 dziko lino linasiya dizilo wa salifa wochuluka n'kuyamba wa salifa wochepa, amene injini za makono zimafuna. Chinali chinthu chabwino. Koma dizilo woyera pa doko la Beira kapena Dar es Salaam ali ndi phindu lanji ngati pofika kwa mlimi wadutsa m'chigubu cha dzimbiri?

Choncho tikupempha bungwe la MERA pamodzi ndi Malawi Bureau of Standards kuti aziyesa mafuta m'maboma a m'malire kawirikawiri, ndipo zotsatira zake azizilengeza pa wailesi m'Chichewa, osati kuzisunga m'mafayilo. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, magalimoto a makopaletivi olembetsedwa apatsidwe mpata pa pampu m'miyezi ya Epulo mpaka Julayi, monga amachitira ndi magalimoto ena a ntchito zofunika. Chakudya cha dziko lino chimayenda pa pikapu zimenezi chisanakwere malole.

Tikupempha a TEVETA kuti maphunziro a umakaniko afike kwa amakaniko amene ali kale pa ntchito pansi pa mitengo ya mango, amene amadziwa injini ndi khutu koma sanagwirepo makina oyezera. Aphunzitsidwe kuno, ndipo makinawo athe kuwapeza pa ngongole. Mchinji ili ndi chipata chachikulu cha m'malire chomwe atsogoleri a Malawi ndi Zambia anatsegulira mu Disembala 2022, malole akudutsa usana ndi usiku, ndipo n'zosamveka kuti mlimi azikokera pikapu ku Lilongwe chifukwa cha nyali imodzi yoyaka pa dashibodi. A Unduna wa Zachuma aganizirenso msonkho wa mafyuluta, manozo ndi ma injekita a magalimoto onyamula katundu, chifukwa zenizeni zikakwera mtengo, zachinyengo ndi zimene zimagulidwa.

Kwa a mapulojekiti amene mumatisiyira magalimoto pochoka, zikomo, koma muzitifunsa kaye. Mukamapereka makiyi mutiuzenso mtengo wa injekita imodzi ndi dzina la tauni imene ingakonzedwe.

Makalabu omwe anasonkhana aja akumananso soya akagulitsidwa kuti amange mfundo. Ife tikavota kuti igulidwe ya pampu yakale, ndipo pokaiona tikatenga makaniko wathu ndi tochi yake.